Tinaphunzira kuyezetsa magazi, tiphunzirenso kuyezetsa mawere

Anzathu achinyamata a m'makalabu, nkhani imene takutengerani ulendo uno ikuchokera kuno ku Magaleta, m'boma la Neno. Ife amene tikulemba ndife alangizi a zaumoyo. Ntchito yathu ndi kuyenda khomo ndi khomo, kuyeza ana sikelo, kukumbutsa anthu masiku okatenga mankhwala ndiponso kucheza ndi odwala. Enafe ndi amsinkhu wanu womwewo, ndipo tinadutsa m'makalabu ngati anuwo. Munazolowera kuti tsamba lino limakamba za HIV ndi Edzi. Lero tikamba za matenda ena, koma mukawerenga mpaka kumapeto muona kuti nkhani ziwirizi zimayenda njira imodzi.

Zimene tinaona m'mudzi wina

M'mudzi wina umene timayendera munali mayi amasiye amene sitiwatchula dzina. Mayiwa anayezetsa magazi kalekale, anapezeka ndi kachirombo ka HIV ndipo anayamba kumwa ma ARV. Sankadumphitsa. Tsiku lokatenga mankhwala likakwana ankalawira m'mamawa, kabuku ka kuchipatala kali m'manja. Anali athanzi, ankalima chimanga ndi nandolo, ndipo ankalera ana asanu: atatu awo, awiri a malemu mng'ono wawo. Za kachirombo sankabisa, moti munthu akangoyamba kumene mankhwala iwo ndi amene ankapita kukamulimbitsa mtima.

Tsiku lina akusamba anamva kanthu kolimba m'bere lakumanzere, kakang'ono ngati njere ya mtedza. Sikankapweteka. Inali nthawi yopalira, ntchito ili yothithikana, ndipo anaganiza kuti kasungunuka kokha. Patapita miyezi kanakula ngati dzira la nkhuku. Anauza mnzawo, mnzawoyo n'kuwauza kuti alipo amene wawachita chipongwe chifukwa cha mkangano wa malire a munda. Anapita kwa sing'anga, anawatemera mphini, mbuzi imodzi n'kuthera komweko. Nthawi yonseyi ankabwerabe kudzatenga ma ARV. Ankakwera sikelo, kufunsidwa ngati akutsokomola, kulandira mankhwala, n'kubwerera kwawo. Za bere sananene, ndipo ifenso sitinafunse.

Tinadziwa patatha chaka ndi miyezi, mwana wawo wamkazi atatiitanira pambali n'kutinong'oneza kuti amayi ake sakugona usiku ndipo bulauzi yawo ikumathimbirira. Bere linali litasanduka chilonda, m'khwapa muli mwanabere wolimba gwa. Anatumizidwa kuchipatala chachikulu, koma madokotala anapeza kuti matenda anali atafika kale m'mafupa ndi m'mapapo. Chimene chinatsala ndi kuwapatsa mankhwala ochepetsa ululu. Tinawaika m'manda chimanga chisanache. Ana asanu aja anagawidwa kwa achibale, ndipo wamkulu, yemwe anali Fomu 3, anasiya sukulu.

Chimene chimatipweteka mpaka lero n'chakuti mayiwa sanafe ndi Edzi imene tonse tinkaiopa. Anakhala pamaso pathu kangapo konse ali ndi chotupa chija. Tikanangofunsa funso limodzi lokha, mwina lero bwenzi akupalira m'munda mwawo. N'chifukwa chake talemba nkhaniyi.

Kodi khansa ya m'mawere ndi chiyani?

Munaphunzira kusukulu kuti thupi lathu linapangidwa ndi tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa maselo. Maselo amakula, kukalamba ndi kufa, ndipo ena atsopano amalowa m'malo mwake. Khansa imayamba pamene maselo ena asokonekera n'kuyamba kuchulukana osalekeza. M'bere, kawirikawiri zimayambira m'timitsempha timene mumadutsa mkaka kapena m'timatumba timene timapanga mkakawo. Maselo osokonekerawa amaunjikana n'kupanga chotupa. Akasiyidwa amayenda kupita m'khwapa, kenako m'mafupa, m'mapapo, m'chiwindi ngakhale muubongo.

Madokotala amagawa matendawa m'masiteji anayi. Pa siteji 1 ndi 2 chotupa chimakhala chikadali chaching'ono ndipo sichinapite kutali. Apa mwayi wochira ndi waukulu. Pa siteji 4 matenda amakhala atafalikira ku ziwalo zina, ndipo achipatala amangothandiza kuti munthu akhale nthawi yotalikirapo komanso asamve ululu. Zili ngati moto wolusa m'mapiri athuwa. Ukangoyamba pachiputu chimodzi, munthu mmodzi amauzimitsa ndi nthambi. Ukakwera phiri, mudzi wonse umangouyang'ana.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mawere, ndipo 670,000 anamwalira nayo. M'maiko olemera, mwa amayi 100 aliwonse opezeka ndi matendawa, oposa 90 amakhala akadali moyo pakatha zaka zisanu. Ku South Africa ndi 40 okha. Kafukufuku amene anachitika m'maiko asanu a mu Africa muno, kuphatikizapo anzathu a ku Zambia, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2020, anapeza kuti theka lokha la amayiwo ndi limene linali moyo patatha zaka zitatu. Matenda ndi amodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu kuno amayi ambiri amafika kuchipatala moto utakwera kale phiri, ndipo ena amalephera kumaliza chithandizo.

Kuno ku Malawi khansa imene imagwira ndi kupha amayi ochuluka zedi ndi ya khomo la chiberekero. Ya m'mawere ili m'gulu la khansa zitatu zoyambirira. Imakonda amayi opitirira zaka 40, koma achichepere nawo imawagwira. Blandina Khondowe, yemwe anakhalapo Miss Malawi, anapezeka nayo asanakwanitse zaka 40. Iye sanabisale. Anayambitsa gulu la Think Pink Malawi n'kumayenda kuuza amayi kuti aziyezetsa msanga, mpaka pamene anamwalira mu 2020.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi HIV?

Khansa zina zimayendera limodzi ndi kachirombo ka HIV. Imodzi ndi ya Kaposi, ija imatulutsa mabala akuda pakhungu ndi kutupitsa miyendo. Ina ndi ya khomo la chiberekero. Mayi amene ali ndi kachirombo ali pachiopsezo chodwala khansa ya khomo la chiberekero kuwirikiza kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi mayi amene alibe. N'chifukwa chake anamwino amaumirira kuti amayi omwa ma ARV aziyezetsa khomo la chiberekero pafupipafupi, komanso n'chifukwa chake kuyambira mu 2019 boma likupereka katemera wa HPV kwa atsikana, kuyambira a zaka 9.

Khansa ya m'mawere ndi yosiyana. Kachirombo ka HIV sikayambitsa matendawa, ndipo amagwira amene ali nako ndi amene alibe. Koma pali zinthu ziwiri zoti tidziwe. Choyamba, kafukufuku wa m'maiko asanu uja anaonetsanso kuti amayi amene ali ndi kachirombo akadwala khansa ya m'mawere, ambiri amamwalira msanga kusiyana ndi anzawo. Chachiwiri, chiyambire 2004 pamene ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma, amayi amene kale akanamwalira ali ndi zaka 30 tsopano akufika zaka 50 ndi 60. Ichi n'chinthu chonyaditsa. Koma msinkhu umenewu ndi womwenso khansa ya m'mawere imakonda. Sitinawapulumutse ku Edzi kuti tiwataye ndi chotupa chimene chikanachotsedwa.

Mwina mukufunsa kuti, nanga ife achinyamata zikutikhudza pati? Taganizirani amene akukulerani. Ena mwa inu makolo anamwalira ndipo mukukhala ndi azakhali, amayi aang'ono kapena agogo. Iwowa ndi amene akulipira fizi, kugula sopo ndi kusunga banja lonse. Akagwa, umasiye umabwera kachiwiri.

N'chifukwa chiyani amayi akumudzi amachedwa?

Tikamacheza ndi amayi m'midzi timamva zifukwa zofanana.

Choyamba n'chakuti chotupa sichipweteka. Ife tinazolowera kupita kuchipatala thupi likatentha kapena mutu ukawawa. Khansa ya m'mawere nthawi zambiri imayamba mwakachetechete. Ululu umabwera mochedwa.

Chachiwiri ndi manyazi. Mayi amayamwitsa mwana pagulu popanda vuto, koma kuvula bulauzi pamaso pa dokotala wamwamuna, kapena pamaso pa mlangizi wamsinkhu wa mwana wake, zimamuvuta. Paja akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Chachitatu ndi zikhulupiriro. Ena amati ndi ufiti. Ena amati mwana anageyera pabere. Pamene akuyesa uku ndi uku, miyezi ikupita.

Chachinayi ndi mantha. Amayi ambiri anamvapo kuti kuchipatala amadula bere, ndipo amaopa kuti bambo akunyumba akawasiya. Enanso anaona mnzawo atapita kuchipatala n'kubwerako ali m'bokosi, osadziwa kuti mnzawoyo anapita matenda atafalikira kale.

Chachisanu, chomwenso ndi chachikulu, ndi umphawi ndi mtunda. M'tauni anthu ena apantchito ali ndi inshulansi ya zaumoyo monga ya MASM, ndipo amatha kupita kuchipatala cholipira tsiku lomwelo. Mayi wa ku Magaleta inshulansi yake ndi mbuzi, nkhuku ndi thumba la nandolo. N'zoona kuti m'zipatala za boma chithandizo ndi chaulere. Koma njinga yamoto si yaulere, minibasi yowoloka Shire pa Zalewa kupita ku Blantyre si yaulere, ndipo wodikirira wodwala nayenso amafunika ufa, ndiwo ndi makala. Ulendo wake sukhala umodzi. Nthawi ya dzinja misewu yathu mukuidziwa nokha mmene imakhalira. Makina ojambula mawere otchedwa mammogram ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo amapezeka m'mizinda.

Kodi popanda makina pali chimene tingachite?

Chilipo. A WHO amalangiza kuti maiko amene alibe makina okwanira ayambe ndi kuonetsetsa kuti mayi aliyense amene waona chizindikiro wapimidwa msanga ndi kuthandizidwa msanga. Mu 2021 bungweli linakhazikitsa ndondomeko yokhala ndi zolinga zitatu: amayi 60 mwa 100 aliwonse azipezeka matenda ali pa siteji 1 kapena 2, mayi azidziwa zotsatira zonse pasanathe masiku 60 chifikireni kuchipatala koyamba, ndipo amayi 80 mwa 100 aliwonse azimaliza chithandizo.

Manja ophunzitsidwa bwino amatha kupeza chotupa chikadali chaching'ono. Ku Mumbai, m'dziko la India, amayi oposa 150,000 anatsatiridwa kwa zaka 20. Theka la iwo linkapimidwa mawere ndi manja zaka ziwiri zilizonse ndi amayi azaumoyo ophunzitsidwa. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2021 zinaonetsa kuti m'gulu lopimidwalo khansa inkapezeka msanga, ndipo pakati pa amayi a zaka 50 kupita m'tsogolo imfa zinachepa ndi pafupifupi 30 mwa 100 zilizonse. Kwathu konkuno, mu 2015 ku Lilongwe, amayi wamba anayi anaphunzitsidwa kupima mawere ndipo anapima amayi 1,000 amene anabwera kuzipatala pazifukwa zina. Amayi ambiri atafotokozeredwa anavomera kupimidwa. Izi zikutiphunzitsa kuti amayi athu sakana. Chimene amasowa ndi munthu wowafotokozera komanso malo apafupi.

Phunziro ili ife a ku Neno si lachilendo. Boma lathu, lomwe kale linali mbali ya Mwanza, linali ndi anthu pafupifupi 138,000 pa kalembera wa 2018, ambiri mwa iwo okhala kutali ndi msewu wa tala. Mu 2007 bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo linayamba kugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo kuno. Ma ARV anafika m'zipatala zing'onozing'ono, ndipo anthu a m'midzi momwemo anaphunzitsidwa kuyendera odwala. Mu 2015 kiliniki ya ma ARV inaphatikizidwa ndi ya matenda ena okhalitsa monga kuthamanga kwa magazi, shuga, mphumu ndi khunyu, kuti munthu asamayende maulendo awiri. Edzi sitinaichepetse mphamvu ndi makina akuluakulu. Tinabweretsa kuyezetsa pafupi, tinathetsa manyazi, ndipo tinasiya kudikira kuti munthu achite kugwa.

Njira yomweyo ingagwirenso ntchito pa mawere. Amayi amabwera kale kusikelo ya ana, kusikelo ya amayi oyembekezera, kukatenga njira zolera, kukatenga ma ARV ndi kukayezetsa khomo la chiberekero. Paliponse pamenepa mayi ali ndi ufulu wopempha namwino kuti amupimenso mawere. Zimatenga mphindi zochepa, ndipo sipafunika jakisoni kapena magetsi.

Zizindikiro zoti tonse tizidziwe

- Chotupa kapena kanthu kolimba m'bere, ngakhale kakhale kosapweteka.
- Mwanabere m'khwapa amene sakuphwa.
- Bere limodzi kusintha kukula kapena maonekedwe mosiyana ndi kale.
- Khungu la bere kuchita timaenje ngati khoko la nachesi, kukwinyika kapena kulowa m'kati.
- Nsonga ya bere kulowa m'kati pamene kale sinali choncho.
- Magazi kapena madzi achilendo kutuluka kunsonga ya bere.
- Chilonda cha pabere kapena kunsonga chimene sichikupola.

Tisachite mantha mopitirira. Zotupa zambiri za m'mawere si khansa. Atsikana amsinkhu wanu nthawi zambiri amakhala ndi tizotupa tosalala toyendayenda timene si toopsa. Mawere amathanso kulimba ndi kupweteka masiku osamba akayandikira. Mawere akamamera, limodzi limatha kukula kuposa linzake, ndipo anyamata ena nsonga zimatupa pang'ono akamakula. Mayi woyamwitsa amatha kutupa bere n'kuchita mafinya, ndipo mankhwala ake alipo. Koma palibe amene angasiyanitse ndi maso okha. Chotupa chilichonse chachilendo chikaonedwe kuchipatala. Mayi woyamwitsa akamaliza mankhwala koma chotupa chikadalipo, abwererenso.

Kudziwa mawere ako

Mtsikana kapena mayi aliyense adziwe mmene mawere ake amakhalira masiku onse, kuti pakasintha kanthu azindikire. Nthawi yabwino yodzipima ndi kamodzi pamwezi, patangopita masiku ochepa atamaliza kusamba. Amene anasiya kusamba asankhe tsiku limodzi losaiwalika, monga loyamba la mwezi.

Ayambe ndi kuyang'ana mawere onse awiri, manja ali m'munsi, kenako atakweza m'mwamba. Akatero agone chagada, dzanja lamanja aliike kunkhongo, ndipo ndi zala zitatu zapakati za dzanja lamanzere asisite bere lakumanja mozungulira, kuyambira kunja mpaka kunsonga, osaiwala m'khwapa. Asatsine ndi nsonga za zala, koma akanikize ndi mimba za zalazo. Atembenuze n'kuchita chimodzimodzi mbali inayo. Ena zimawaphwekera kubafa thupi lili ndi sopo.

Kudzipima sikulowa m'malo mwa kupimidwa ndi achipatala. Ntchito yake ndi kukuuza kuti nyamuka.

Kodi kuchipatala kumachitika zotani?

Poyambira ndi pachipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi, monga cha Magaleta. Namwino kapena dokotala amafunsa mafunso n'kupima ndi manja. Mayi akhoza kupempha kuti apimidwe ndi mayi mnzake ngati alipo, kapena kuti m'chipindamo mukhale m'bale wake. Akapeza chokayikitsa amalemba kalata yopita kuchipatala cha boma ku Neno kapena ku Lisungwi. Kuti atsimikize ngati ndi khansa, madokotala amatenga kanyama kakang'ono pachotupacho n'kukapima ku labotale. Zotsatira zimatha kutenga masabata angapo. Apa ndi pamene amayi ambiri amatayikira. Amaganiza kuti poti sanaitanidwe ndiye kuti zonse zili bwino. Musanachoke funsani tsiku lobwerera, lilembedwe m'kabuku, ndipo tsikulo likafika pitani.

Ikapezeka kuti ndi khansa, odwala ochokera kuno kawirikawiri amatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Chithandizo chimakhala opaleshoni yochotsa chotupa kapena bere lonse, mankhwala a m'diripu otchedwa kemo amene amaperekedwa maulendo angapo, ndipo kwa ena mapiritsi monga tamoxifen omwa kwa zaka zisanu kapena kuposerapo. Pali chithandizo chinanso chowotcha khansa ndi makina. Kwa zaka zambiri ofuna chithandizo chimenechi ankachita kutumizidwa kunja kwa dziko lino. Mu 2024 chipatala cholipira cha International Blantyre Cancer Centre chinayamba kuchipereka, ndipo mu 2025 chipatala cha boma cha khansa chinatsegulidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe.

Kemo amafooketsa, amachititsa nseru ndipo tsitsi limatha kuthothoka, koma limameranso. Amene ali pa ma ARV asasiye kumwa. Awauze madokotala a khansa za mankhwala onse amene akumwa.

Zabodza ndi zoona

Ena amati khansa ya m'mawere ndi yopatsirana. Ayi. Simungaitenge podyera mbale imodzi, pochapa zovala za wodwala kapena pogona naye chipinda chimodzi.

Ena amati imabwera chifukwa chosunga ndalama kapena foni m'kamisolo. Palibe umboni wa zimenezi. Zimene zimadziwika kuti zimawonjezera chiopsezo ndi kukula kwa msinkhu, kumwa mowa, kusuta fodya, kunenepa kwambiri, kusagwiritsa ntchito thupi, komanso ngati mayi ako kapena mchemwali wako anadwalapo. Kuyamwitsa kumachepetsako chiopsezo. Komabe pafupifupi theka la amayi odwala matendawa sakhala ndi chifukwa china chilichonse kupatula kuti ndi amayi ndipo apitirira zaka 40. Choncho tisamaloze munthu chala.

Ena amati mpeni ukakhudza chotupa munthu amafa. Chimene chimapha ndi kuchedwa, osati opaleshoni.

Ena amati ndi matenda a amayi okha. Abambo nawo amadwala, ngakhale ndi ochepa: pafupifupi mmodzi mwa odwala 100 aliwonse.

Kalabu yanu ingachitepo chiyani?

Mtsikana uja amene anataya amayi ake sanakhale chete. M'miyezi yotsatira anabwera nafe amayi atatu a m'mudzi mwawo amene anali ndi zotupa. Awiri zinapezeka kuti si khansa, ndipo anabwerera kwawo mtima uli m'malo. Wachitatu inali khansa, koma ikadali yaing'ono. Amuna awo poyamba anakana za opaleshoni. Zinatengera amalume a mayiwo ndi a mfumu kukhala nawo pansi. Amayi a banki m'khonde anasonkha ya ulendo woyamba, achibale anagulitsa nkhuku, ndipo mnyamata wina wa kabaza ankawatengera kumsewu pamtengo wa mafuta okha. Lero mayiwo ali ndi bere limodzi, banja lawo lilipo, ndipo chaka chatha tinawapeza akupuntha nandolo. Mutu umodzi susenza denga.

Nanu mukhoza kuchita izi:

Kambiranani ndi amayi a kwanu. Tikudziwa kuti pachikhalidwe chathu n'kovuta kuti mwana, makamaka wamwamuna, akambe za mawere ndi amayi ake. Dzerani kwa azakhali, kwa alamu kapena kwa agogo. Mukhozanso kungowawerengera tsamba lino madzulo, n'kusiya kuti afunse okha.

Gwiritsani ntchito masewero ndi nyimbo. Luso limene munaphunzitsira anthu za kuyezetsa magazi ndi lomwelo. Mwezi wa Okutobala ndi wokumbukira khansa ya m'mawere padziko lonse. Konzani sewero pabwalo la mpira kapena pa tsiku la msika, ndipo muitane namwino adzayankhe mafunso.

Fikirani magulu a amayi, monga a kumpingo, a banki m'khonde, a sapoti gulupu ndi anankungwi. Iwowa mawu awo amamveka kumene anu sangafike.

Perekezani. Mayi akapatsidwa kalata yopita kuchipatala chachikulu, mmodzi wa inu asunge tsikulo, amukumbutse, ndipo ngati sadziwa kuwerenga amuwerengere. Ena atsale akutunga madzi, kupalira ndi kuyang'anira ana.

Sungani kathumba ka maulendo. Ngati kalabu ili ndi dimba kapena imagwira maganyu, patulani kangachepe kothandizira thiransipoti ya wodwala amene alibiretu pogwira.

Lankhulani pamisonkhano. Pitani ku komiti ya chipatala, ku VDC ndi ku ADC mukapemphe kuti kupima mawere kuzichitika limodzi ndi kuyeza khomo la chiberekero, komanso pamene achipatala abwera ndi kiliniki yoyendayenda m'midzi.

Anyamata, nkhaniyi ndi yanunso. Mawa mudzakhala amuna a eni. Mkazi amene wachotsedwa bere ndi mkazi ndithu, ndipo ngati msinkhu ndi thanzi zikulola, madokotala amamulangiza za kubereka ndi kuyamwitsa ndi bere lotsalalo. Yambani lero kudzudzula anzanu amene amaseka odwala.

Pali zinthu ziwiri zimene simuyenera kuchita. Musapime munthu aliyense, ndipo musamuuze kuti ali ndi khansa. Imeneyo ndi ntchito ya achipatala. Komanso sungani chinsinsi monga momwe munaphunzirira pa nkhani ya HIV. Mayi akamva kuti za bere lake zikukambidwa pachitsime, sadzabweranso.

Ifenso alangizi taphunzirapo. Masiku ano tikafika pakhomo, tikatha kufunsa za chifuwa, za mankhwala ndi za sikelo ya mwana, timapempha kuti tilankhule ndi amayi paokha n'kuwafunsa ngati aona chachilendo m'mawere. Poyamba ankaseka n'kutiuza kuti ndife ana. Tsopano ena amatiyamba okha.

Mafunso oti mukambirane pakalabu

1. Kodi m'dera lanu anthu amati chotupa cha m'bere chimayamba chifukwa chiyani? Mungawayankhe bwanji mwaulemu?
2. Kuchokera m'mudzi mwanu kukafika kuchipatala chachikulu n'kubwerako pamafunika ndalama zingati? Banja losauka lingazipeze kuti?
3. Ndi njira ziti zimene munagwiritsa ntchito pothetsa kusalana pa nkhani ya HIV zimene zingathandizenso pa khansa?
4. Aliyense atchule mumtima mayi mmodzi amene amamudalira. Kodi sabata ino amuuza bwanji zimene wawerenga pano?

Mukakambirana, auzeni alangizi a zaumoyo a m'dera lanu zimene mwagwirizana, kuti tigwirire ntchito limodzi.